Liu la "Omeri" ndi Nkhokwe Zanu

Popeza ino ndi nyengo yokolola, lero ndifuna kukamba nanu za liu limodzi la Cihebri, ndilo omeri.

Tanthauzo loyamba la liuli ndi mtolo wa dzinthu zomweta kumene. Ahebri sanali kulima cimanga ai. Mbeu zao zinali barele ndi tirigu. Pokolola anali kuceka mapesi ndi zenga namanga mitolo, ndipo liu lao lonena nchito yomangayo licokera pa tsinde lomwelo.

Lamulo la pa Levitiko 23 linaletsa kulawa dzinthu zatsopano mtolo woyamba usanaperekedwe kwa wansembe pa nyengo ya Paskha. Kuyambira pamenepo anali kuwerenga masiku 49 kufikira cikondwerero ca Shavuot, pokolola tirigu. Nsembeyo inaleka m'caka ca 70, Aroma atapasula Kacisi wa ku Jerusalem, koma Ayuda awerengabe masikuwo caka ndi caka. Lamulo lina, pa Deuteronomo 24, linati mwini munda akaiwala mtolo asaubwerere. Ukhale wa mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye.

Tanthauzo laciwiri ndi muyeso, wa malita 2 kapena kupitirirapo. Maomeri 10 anali efa mmodzi, ndipo maomeri 100 anali homeri. Pa Eksodo 16 tiwerenga kuti m'cipululu munthu mmodzi analandira omeri wa mana pa tsiku, ndipo mwini banja anatola monga mwa kuculuka kwa anthu a m'hema wace.

Taonani tsono, liu limodzi lomweli linena zokolola, linenanso cakudya ca munthu pa tsiku. Anthu aja sanalekanitse kukolola ndi kuyesa.

Kodi inu mudziwa madebe a cimanga amene banja lanu lidya pa mwezi? Musanagulitse kapena kufulula mowa, yesani. Werengani anthu a pakhomo, werengani miyezi kufikira cimanga cina cica, patulani mbeu, ndipo cotsalaco ndico ca malonda. Nkhokwe yooneka yodzala mu May imanyenga. Njala iluma mu January ndi February.

Mafumu, kumbutsani anthu anu zimenezi pa bwalo, ndipo musaiwale nkhalamba ndi amasiye a m'mudzi mwanu.

Tsalani bwino.