Mwana wa Kuseri kwa Kauntala

 Mau athu a lero acokera m'buku la Eksodo, caputala 23, vesi 9. Pamenepo Mulungu akuletsa Aisraeli kupondereza mlendo, ndipo akuwauza cifukwa cake: iwo eni anakhalapo alendo ku Iguputo, motero akudziwa mmene mtima umawawira ukakhala kwa eni. Kuti mau amenewa atilowe bwino, tikamba nkhani yoona ya mtsikana wina wa Cichaina amene anakulira m'sitolo ya makolo ake, kutali ndi kuno.

Kum'mwera kwa dziko la America kuli cigawo cochedwa Mississippi, dziko la thonje. Ukapolo utatha mu 1865, eni minda ikuluikulu anafuna anchito ena olandira malipiro ocepa, ndipo anabweretsa Machaina owerengeka. Machainawo sanakhalitse kumunda. Anayamba kutsegula timasitolo tating'ono m'madera okhala anthu akuda, ndipo abale ao ocokera ku Guangdong, kum'mwera kwa China, anawalondola. Mu 1882 boma la America linaletsa Machaina ofuna nchito kulowa m'dzikolo, koma amalonda linawalola. Conco kwa mabanja ambiri sitolo ndiyo inali njira yokhayo yopezera cakudya ndi pokhala.

Taganizirani moyo wa mwana wa m'banja lotere. Nthawi zambiri banja lonse linkagona m'zipinda za kuseri kwa sitolo, pafupi ndi matumba a ufa ndi mpunga. Sitolo inkatsegulidwa m'mamawa n'kutsekedwa usiku. Mwana akangofika msinkhu wotha kuwerenga ndalama, ankaimirira pakauntala, kupima shuga, kupanga katundu pamashelufu ndi kubweza cenji. Popeza anabadwira komweko, Cizungu ankacidziwa kuposa atate ndi amai ake, motero ndiye ankawamasulira mau a ogula ndi makalata a boma. Ogula ambiri anali alimi akuda olima thonje m'minda ya eni, amene ankatenga katundu pangongole n'kudzalipira akakolola. Ife amene tinaonapo mwana akusunga kantemba ka amai ake, buku la sukulu lili pamwendo, moyo umenewu sutidabwitsa.

M'tauni yaing'ono ya Rosedale, m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, munali sitolo ya bambo wina wochedwa Gong Lum. Mwana wao Martha anabadwira ku America komweko. Mu 1924, ali ndi zaka 9, anapita kusukulu ya boma ya m'tauniyo tsiku lotsegulira. Analowa m'kalasi m'mawa ngati mwana aliyense. Pofika masana, pa nthawi yopuma, mkulu wa sukulu anamuuza kuti asadzabwerenso. Sanalakwe kanthu, ndiponso sanalephere mayeso. Akuluakulu oyang'anira sukulu anali atalamula kuti sukuluyo ndi ya ana a azungu okha, ndipo mwana wa Mchaina si mzungu.

Ife amene tinagwira coko zaka zambiri, nkhani imeneyi imatilasa mtima. Tikudziwa mmene mwana amaonekera tsiku loyamba la sukulu, atasamba, atapesa, kope latsopano lili m'manja. Ndiye taganizirani mwana ameneyo akubwerera kunyumba dzuwa lili pamutu, anzake atatsala m'kalasi, kukapeza makolo ake akugulitsa, n'kuyamba kuwafotokozera cinthu cimene iye mwini sakucimvetsa.

Bambo Lum sanakhale cete. Anakasuma kukhoti, ndipo khoti loyamba linagamula mowakomera. Koma khoti lalikulu la Mississippi linatembenuza cigamuloco, ndipo mu 1927 khoti lalikulu la dziko lonse la America linagwirizana nalo, oweruza onse 9 popanda wotsutsa. Malamulo a Mississippi a mu 1890 ankanena kuti ana a azungu ndi ana a mitundu ina aziphunzira padera, ndipo oweruzawo anati boma lili ndi ufulu woika Martha pamodzi ndi ana akuda. Banjalo linasamukira kutsidya kwa mtsinje, ku Arkansas.

Apa pali fupa limene sitiyenera kulilambalala. Maloya a banjali sanapite kukhoti kukanena kuti kupatula ana cifukwa ca khungu n'kulakwa. Anangokanena kuti Martha si munthu wakuda, motero asamuike pamodzi ndi ana akuda. Ana akudawo anali ana a anthu omwe aja ogula m'sitolo tsiku ndi tsiku. Mtima wa kholo tikuumvetsa, pakuti masukulu a anthu akuda ankapatsidwa ndalama zocepa, nyumba zake zinali zosalongosoka, ndipo ankatsegula miyezi yocepa cabe kuti ana azikathyola thonje. Kholo lanji lingafune zotere? Komabe mlanduwo unapempha kuti citseko citseguke pang'ono, mwana mmodzi alowe, ena onse atsale panja monga kale. Ndipo citsekoco sicinatseguke.

Cinadzatseguka mu 1954, pa mlandu wa Brown v. Board of Education, umene anasuma ndi makolo akuda. Iwo anati kupatula ana m'masukulu a boma n'kulakwa kwa mwana aliyense, ndipo khoti linavomera. Cigamulo cimeneco cinatsegulira ana onse, a Machaina omwe. Amene anali pansi pa onse ndiwo anapempha cilungamo cokwanira aliyense.

Tsopano tibwerere kwathu, pakuti zitseko zotere nafenso tikuzidziwa. Dziko lathu lisanadzilamulire mu 1964, ana a azungu anali ndi masukulu ao, ana a Amwenye ao, ana athu aonso. Makolo athu amatiuza za mabuchala a m'matauni kumene munthu wakuda sankalowa pakhomo, ankagulira pazenera n'kulandira nyama imene sanasankhe, mpaka anthu ananyanyala kugula m'zaka za m'ma 1950. Ifenso tinakhalapo mu Iguputo wathu, ndipo tinali alendo m'dziko lathu lomwe. Ndiye cifukwa cake mau a mu Eksodo sakukamba za Aisraeli okha.

Lero Machaina ali pakati pathu. Ena anabwera kudzamanga njanji ya TAZARA pakati pa 1970 ndi 1975, ndipo masiku ano ena ali ndi masitolo ndi mafamu ku Lusaka ndi m'matauni ena. Tikudziwa kuti madandaulo alipo. Ena amakamba za malipiro ocepa, ena za malonda amene akuphwanya amalonda athu ang'onoang'ono. Sitikunena kuti tibise zimenezi. Wolemba nchito akalakwa, kaya ndi Mchaina, Mmwenye kapena mbale wathu weniweni, nkhaniyo ipite kwa a ofesi ya zanchito ndi kukhoti. Koma kuseri kwa kauntala kuja mwina kuli mwana wonga Martha, wobadwira kuno, amene sanasankhe kobadwira ndipo sanalembepo munthu nchito. Tikamamukuwiza pamseu, tikamayeserera kalankhulidwe ka makolo ake kuti tiseke, ana athu akuona, ndipo mawa adzacita zomwezo kusukulu.

Mwina mukuti kumudzi kwathu kuno kulibe Mchaina. Zoona, koma mlendo alipo. Alipo mkamwini wocokera kudera lina, alipo mphunzitsi watsopano amene cilankhulo cathu cikumuvuta, lilipo banja limene linathawa nkhondo ku Mozambique kalekale koma mpaka lero timalichula dzina la kwao. Ife aphunzitsi tiyambe ndife kuvomera: zinacitikapo kuti mwana wosamva bwino cilankhulo cathu tinamusiya pabenci lakumbuyo, osati cifukwa ca nkhanza, koma cifukwa kalasi inali yodzaza ndipo tinali otopa. Sitinamuthamangitse masana monga anacitira Martha, koma sitinamulandirenso. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sanati mnzakoyo akhale wa mtundu wako.

Conco sabata ino tikupemphani zinthu ziwiri zapafupi. Coyamba, funsani ana anu madzulo ano kuti m'kalasi mwao ndani amene amadya yekha pa nthawi yopuma, ndipo muwauze kuti mawa akakhale naye. Caciwiri, tikamadandaula za kuponderezedwa kwathu, kaya pamtengo wa cimanga kapena pakagawidwe ka feteleza, tidzifunse ngati tikupempha cilungamo ca onse, kapena tikungofuna kuti dzina lathu lilowe m'kaundula, la mnzathu litsale. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Tiyeni tipemphere. Mulungu Atate, inu amene munatulutsa anthu anu ku Iguputo, musalole kuti tiiwale masiku amene ifenso tinaimirira panja pa citseko. Dalitsani ana onse okulira m'masitolo ndi m'tuntemba, a kuno ndi ocokera kutali, amene amasenza nchito za akulu akali aang'ono. Tipatseni mtima wotsegulira mlendo, kudzera mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.