Uphungu wa azakhali pa za mimba ndi chikuta

Perekaniperekani itatha, azakhali a mkwatibwi, omwe anakalambira pa ntchito ya uzamba, anakhazika akwati pamphasa. Za ulemu kwa apongozi anangozilambalala, poti ankhoswe anali atanena kale. Iwo anafika ndi nkhani ya mimba.

"Mwana wanga, ukangodziwa kuti waima, yamba sikelo. Inunso bambo, muzimuperekeza, mukayezetse magazi limodzi. Chindoko chimakhala phee m'thupi, munthu osamva kupweteka, koma chimapha mwana m'mimba. Akachipeza mwa mmodzi, jakisoni ndi wa nonse awiri."

Mayiwa sankaopseza ana. Mu 2017 bungwe la WHO linafufuza m'zipatala 713 za m'mayiko 52. Linapeza kuti pa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, amayi pafupifupi 70 ogonekedwa m'chipatala anali ndi matenda oyambitsidwa ndi tizilombo, ndipo 11 mwa iwo anatsala pang'ono kufa kapena anamwaliradi. Tizilomboti timakonda kulowa m'njira ya mkodzo, m'chiberekero ndi pabala la opareshoni. Palinso bakiteriya wotchedwa Group B Streptococcus, yemwe amakhala mwa amayi apakati pafupifupi 20 miliyoni chaka chilichonse popanda chizindikiro, ndipo akhoza kudwalitsa khanda likangobadwa.

Atafika pa za chikuta, azakhali anatembenukira kwa mkwati, mawu atatsika.

"Anthu akadzabwera kudzaona mwana, maso onse adzakhala pa khandalo. Inu anu akhale pa mayi wake. Mumugwire pamphumi. Akatentha thupi, akamanjenjemera, m'chinena mukamapweteka, zotuluka kumaliseche zikayamba kununkha, kapena bala likatupa n'kumatuluka mafinya, musadikire kuti kuche. Ena adzati ndi malungo, mumugulire panado. Ena adzati ndi tsempho, ayambe kukufunsani kumene munagona. Milanduyo mudzakambe mutabwerako kuchipatala."

Apa ndi pamene mabanja ambiri amachedwera, ndipo azakhali anachita bwino kunena poyera. Tizilombo tikalowa m'magazi, mayi yemwe dzulo amayamwitsa akuseka akhoza kukomoka mawa lake, pomwe mankhwala opha mabakiteriya akanamuchiritsa akanafika msanga.

Anamaliza ndi zooneka zazing'ono: aliyense wogwira mayi kapena mchombo wa mwana asambe m'manja ndi sopo, nsalu zopanira zichapidwe n'kuyanikidwa padzuwa, ndipo nsupa ikasweka matenda a kubereka asanayambe, mayi apite kuchipatala nthawi yomweyo. Anauzanso mkwati kuti ndalama ya njinga yamoto yopitira kuchipatala aziisunga padera kuyambira mwezi wachisanu ndi chiwiri.