Kalulu wa M'buku ndi Mtolo Woyamba wa Barele



Lero tikambe za timabuku ta zithunzi timene ana athu amalandira pa nyengo ya Pasaka. Tambiri timachokera ku Ulaya ndi ku America. Mukatsegula mupezamo kalulu atanyamula dengu la mazira opaka utoto, ndi maluwa akuphuka chisanu chitangotha. Sitikunena kuti muwotche timabukuto, ayi. Koma tifunse: mwana akatseka bukulo, waphunzira chiyani za manda opanda kanthu?

Zithunzizo zili ndi kwao. Pasaka amachitika pakati pa 22 Marichi ndi 25 Epulo, ndipo kumayiko a kumpoto imeneyo ndi nyengo yophukira. Kalulu wa Pasaka ndi mwambo wa ku Germany, umene unalembedwa kale m'buku mu 1682. Mazira nawo anafala chifukwa Akhristu akale a ku Ulaya sankawadya m'masiku osala kudya asanafike Pasaka. Tsono kwathu kuno Kalulu timamdziwa bwino. M'nthano za agogo iye ndi kathyali, wonyenga Fisi ndi Njovu. Kodi ameneyu ndiye tim'patse ntchito yochitira umboni choonadi cha kuuka kwa akufa?

Tsegulani nafe Levitiko 23:10-11. Mulungu analamula Aisraeli kuti abwere ndi mtolo woyamba wa zokolola kwa wansembe, ndipo iye auweyule pamaso pa Yehova tsiku lotsatira Sabata. Kumeneko Pasaka ankafika barele akucha. Ndipo pa 1 Akorinto 15:20 Paulo akufanizira Khristu woukayo ndi zipatso zoyamba zomwezo. Mtolo woyamba ukafika, mlimi amadziwa kuti munda wonse ukubwera. Chomwechonso onse akufa mwa Khristu adzauka.

Taonani tsono, abale ndi alongo. Pasaka akafika kwathu, mvula imakhala ikulekeza, njala ya mu Febuluwale yapita, ndipo ana akukukuta mondokwa ndi kudya maungu. Fanizo la Paulo lili kuseri kwa nyumba zathu! Ife sitisowa kubwereka nyengo ya eni.

Inu makolo, ndi inu aphunzitsi a Sande Sukulu, werengani ndi mwana bukulo ngati alikonda. Mukatha, mum'gwire dzanja mupite naye kumunda. Mum'kumbutse njere imene munakwirira mvula yoyamba itagwa, mum'thyolere chimanga chimodzi, ndipo muwerenge naye Yohane 12:24 ndi Luka 24. Mum'patse pepala ndi pensulo ajambule mwala utakunkhunizidwa, ndi amayi aja atafika kumanda mbandakucha. Akakufunsani za agogo ake amene munawaika m'manda chaka chatha, musathawe funsolo. Khalani naye pansi pamzere pomwepo, mumuyankhe.