Pepala Liyambe, Lata Litsatire

Pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi pali Boma la Luangwa, limene akulu-akulu alidziwa ndi dzina la Feira, liu la Cipwitikizi lotanthauza msika. Tsidya la Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, ndipo tsidya la Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Kucokera ku Bomali kufika ku Lusaka, kudzera pa ulalo wa Luangwa, ndi ulendo woposa makilomita 300.

Amisiri okhoma malata amapanga ndowa ndi mbaula ndi nyundo, osasowa pepala, popeza mwini katundu ali pafupi ndipo angathe kumfunsa. Koma ziliko zinthu zina, monga cogwiriziza injini ya bwato kapena thanki ya mafuta, zimene zifuna makina opindira citsulo a m'tauni. Pamenepo msodzi amatumiza mau kwa mbale wace wa ku Lusaka kapena wa ku migodi kuti akampangitsire. Mmisiri wa m'tauniyo sanalione bwatolo, ndipo sadzaliona. Cimene ali naco ndi pepala lokha. Pepalalo likanama, citsulo cidzayenda ulendo wonsewo ndi kukakana kulowa pamalo pace, ndalama zapita, bwato liri pamtunda, ndipo ana ali kudikira ndiwo.

Anchito a ku Kitwe ndi ku Mufulira adziwa kuti m'mashopu a pa mgodi citsulo sicidulidwa popanda pulani. Luso lojambula cinthu cimodzi pa mbali zingapo linakonzedwa bwino ndi Gaspard Monge wa ku France, amene analiphunzitsa ku Paris m'caka ca 1795. Lamulo lace ndi lapafupi: cinthu cijambulidwe monga cioneka kutsogolo, pamwamba ndi pambali, ndipo muyeso uli wonse ulembedwe kamodzi kokha, poonekera bwino.

Coyamba kulemba ndi mtundu wa citsulo ndi kucindikala kwace. Mau akuti "lata lolimba" sathandiza mmisiri. Panenedwe ngati ndi citsulo wamba, kapena copakidwa zinki kuti cisacite dzimbiri, kapena aluminiyamu. Ici ncofunikanso pa moyo wa mmisiri, cifukwa utsi wa zinki powocherera umadwalitsa. Kucindikala kulembedwe m'mamilimita. Manambala a geji amasokoneza anthu ambiri, pakuti nambala ikakula lata limapyapyala: geji 28 ndi yopyapyala kuposa geji 26.

Caciwiri ndi kusankha muyeso umodzi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Munthu akangolemba 4, naiwala kunena ngati ndi mainchi kapena masentimita, mmisiri angadule mamilimita 40 pamene mwini wace anafuna oposa 100.

Cacitatu, cimene cigwetsa ngakhale anthu ocenjera, ndi kupinda. Lata likapindidwa, kunja kwa popindapo kumatamuka ndipo mkati mumafinyika. Tsono utali wa lata loyala sulingana ndi miyeso ya kunja yophatikizidwa. Nacitsanzo, lata locindikala mamilimita 2 lifunika kupindidwa ngati ngondya ya nyumba, mbali iri yonse ikhale mamilimita 50 poyesa kunja. Wosadziwa adzadula mamilimita 100. Koma ngati kukhota kwa mkati kuli mamilimita 2, lata loyenera kudulidwa ndi la pakati pa 96 ndi 97. Kusiyanaku kuoneka kocepa, koma cinthu copindidwa kawiri cidzalakwika ndi mamilimita ngati 7, ndipo maboo a mabauti sadzakumana. Cifukwa cace wojambula anene poyera ngati miyeso yace ndi ya kunja kapena ya mkati, aonetse mzere wopindapo ndi kumene lata lipindikire, ndipo kuwerengera kotsiriza akusiyire mmisiri amene adziwa makina ace.

Cinthu cozungulira naco ciri ndi lamulo lace. Paipi ya utsi yotambalala mamilimita 100 pakamwa ifuna lata la mamilimita 314, ndiko kucurukitsa 100 ndi 3.14, ndipo pamenepo pawonjezedwe mpata wa msoko polumikiza. Woiwala msoko adzalandira paipi yopapatiza.

Maboo ayesedwe kufika pakati pa boo, onse kucokera ku mphepete imodzi. Kuyesa kucokera pa boo kufika pa linzace kumaunjika zolakwa zazing'ono kufikira zitakula. Boo lisayandikane kwambiri ndi popinda, cifukwa lidzakokedwa ndi kukhala ngati dzira.

Nkwanzerunso kukumbukira kuti lata la m'sitolo kawiri-kawiri limabwera la mafiti 8 m'litali ndi mafiti 4 m'lifupi, ndiwo mamilimita 2440 ndi 1220. Wojambula amene asunga ici m'mutu amapewa kugula lata laciwiri cifukwa ca kacidutswa kamodzi.

Pepala lisanatumizidwe, ndi bwino kudula katoni monga mwa miyesoyo, kuipinda, ndi kukaiyesa pa bwato peni-peni. Katoni ikalakwika palibe wolira. Pambuyo pace palembedwe ciwerengero ca zinthu zofunika, tsiku, ndi dzina la mwini. Masiku ano ambiri amatumiza cithunzi ca pepala pa foni, ndipo cithunzi cotere sicisunga ukulu weni-weni wa cojambulidwa. Mmisiri atsate manambala olembedwa, asayese cithunzi ndi rula.

Akulu anati kufunsa ndi kudziwa njira. Mbale wa m'tauni akalandira pepala losoweka kucindikala kwa lata kapena mbali yopindira, alibweze ndi funso asanapite nalo ku shopu. Kucedwa kwa tsiku limodzi kuli bwino koposa citsulo cokafika ku Feira ndi kukasanduka cotsekera khola la nkhuku.