Tauni ikukula, ulendo ukutalika



Ndani pano sanakhalepo m'minibasi pa depoti, kondakitala akulumbira kuti "watsala mmodzi", ola lathunthu n'kutha? Mukuseka, koma ine zinandiliza. Mwezi wathawu ndinaperekeza mayi anga kuchokera ku Makawa kupita kumsika wa ku boma, titasenza beseni la nsomba zaziwisi. Tinaima pamsewu kuyambira 6 koloko m'mawa, magalimoto akungodutsa atadzaza. Tinakafika dzuwa lili pamutu, nsomba zitayamba kufewa. Tinagulitsa mongotaya.

Vutoli likuchokera kuwiri.

Koyamba, ndi mmene tauni yathu ikukulira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 53,000 m'tauni ya Mangochi, ndipo tikuchulukirabe. Nyumba zikungotsatira misewu: wa ku Monkey Bay, wa ku Liwonde, ndi kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi. Mapuloti a pafupi ndi tala akadula, anthu amakamanga kutali, msewu usanafikeko. Minibasi singalowe mumchenga kukatenga anthu awiri. Ndiye umalipira kawiri: kabaza kukufikitsa pa tala, kenako minibasi.

Kwachiwiri, ndi kwacha. Mu May 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Mafuta, matayala ndi masipeya, zonse timagula kunja ndi madola. Mwini galimoto amafuna ndalama yake ya tsiku, ndiye dalaivala sanganyamuke mipando ili mbee. Amadikira idzaze, n'kutipanikiza anayi pampando wa atatu. Mafuta akasowa, magalimoto amagona pamzere, ena amagula a m'zigubu, mtengo n'kukwera tsiku lomwelo. Mtengo ukakwera, ambiri amangoyenda pansi kapena kupalasa njinga. Okwera akachepa, kudikira kumatalikanso. Mwaona mmene zikuzungulirira?

Za kwacha ifeyo sitingazithe. Koma za misewu ya m'madera mwathu tili ndi pakamwa. Ndikupempha zinthu ziwiri.

Choyamba, kwa masabata awiri aliyense azilemba m'kope: wachokera kuti, wadikira mphindi zingati, walipira zingati. Tikaphatikiza, tikapite nazo kwa khansala wathu. Tikapemphe kuti mapuloti asanagawidwe pazisiyidwa malo a msewu, komanso kuti misewu yafumbi izikonzedwa mvula isanayambe. Tikapita ndi madandaulo okha adzatiuza kuti amva. Manambala ndi ovuta kuwakana.

Chachiwiri, enanu mumayendetsa njinga zamoto, ndipo ndi inu mukutipulumutsa komwe minibasi safika. Chonde, musanyamule atatu, ndipo muzikhala ndi chipewa cha pasenjala. Kuchedwa kuli bwino kusiyana ndi kukagona kuchipatala.

Mutu umodzi susenza denga. Loweruka likubwerali ndibwera ndi makope, inu mubwere ndi zolembera.