Kalata ya CervicalCheck ikupezani kuti?

Lero tikambirane zoyezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Achimwene, musatseke, nkhaniyi ikukukhudzaninso.

Kwathu ku Malawi khansa imeneyi ndi imene imapha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse, ndipo ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale. Kuno ku Ireland kuyezetsa n'kwaulere kwa mayi wa zaka 25 mpaka 65, kudzera mu CervicalCheck ya HSE. Ngati muli ndi zaka 25 mpaka 29 mumayezedwa pakatha zaka zitatu, kuyambira zaka 30 pakatha zaka zisanu. Nthawi ikakwana amakulemberani kalata.

Vuto lathu lili pa kalatayo. Ine ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndiye mundimvere. Kompyuta sidziwa nkhope yanu, imadziwa nambala ya PPS ndi adiresi imene inalembedwamo, basi. Koma ife ku Dublin kuno, ndi lendi mmene yakwereramu, chaka chino tili ku Phibsborough, chamawa ku Tallaght. Kalata imagwera kunyumba yakale, inu n'kumati sanandiitane. Choncho musadikire. Lowani pa webusaiti ya HSE, pa tsamba la CervicalCheck, muli ndi PPS yanu pafupi, muone ngati dzina lanu lilipo komanso tsiku loyezetsa. Adiresi ikakhala yakale, isintheni. Kenako imbirani GP wolembetsedwa mu pulogalamuyi, kapena Well Woman Centre pa Liffey Street. Mukhoza kupempha kuti akuyezeni nesi wamkazi. Kuyezako n'kwa mphindi zochepa chabe.

Kuyambira 2020 amayamba ndi kufufuza kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa pafupifupi khansa yonse yamtunduwu. Kalata ikati kapezeka, musagwe mphwayi, si khansa imeneyo. Kachilomboka n'kofala kwambiri, kamatha kukhala phee zaka zambiri, ndiye si nkhani yolozerana zala m'banja. Nthawi zambiri thupi limakachotsa lokha. Akungofuna akuyang'anireni, kuti maselo akayamba kusintha awachotse asanasanduke khansa.

Ena munamva za Vicky Phelan, amene mu 2018 anaulula kuti zotsatira zake za 2011 zinawerengedwa molakwika, ndipo mumati ndiye kupitirenji? Zoona, palibe kuyeza kumene kumagwira chilichonse. Koma mayi yemweyo, amene anamwalira mu 2022, ankalimbikitsabe amayi kuti asasiye kuyezetsa.

Musadikire kuti mumve kupweteka, poyamba matendawa sapweteka. Mukaona magazi osayembekezera, pitani kwa GP msanga, osadikira kalata.

Achimwene, tsiku limenelo tsalani ndi ana, mayi apite. Ndipo Lamlungu mukamaimba foni kumudzi, mutafunsa za mvula ndi feteleza, funsaninso amayi ndi achemwali kuti anayezetsa liti.