KUGULA MALO A M'DAMBO NDI KUMANGAPO NYUMBA

Nkhani yokambidwa kwa mafumu, anyakwawa ndi alimi a m'midzi



Lero ndifuna kukamba nanu za malo a m'dambo. Masiku ano anthu tacuruka, ndipo malo ouma a pafupi ndi mseu, msika kapena Boma ali kucepa. Cifukwa ca ici anthu ambiri, makamaka iwo amene apuma pa nchito m'matauni nabwera kwao ndi ndarama za penshoni, ali kugula malo kumunsi kumene makolo athu sanali kumangako. Mtengo wa malo otere umakhala wotsika, ndipo munthu aganiza kuti wapeza mwai. Koma makolo aja sanasiye dambo cifukwa ca ulesi iai. Iwo anadziwa kuti dambo ndi njira ya madzi, ndi kuti madziwo adzabwera ndithu pa nyengo yace, kaya pali nyumba kaya palibe.

Wogulitsa malo akonda kukutengani kukaona mwezi wa Seputembala kapena Okutobala. Pamenepo pansi pali gwa, malo ndi osalala, msipu uli wobiriwira pamene kwina konse kwapserera, ndipo palibe zitsa zoti muzule. Iye adzakuuzani kuti zonsezi ndi zabwino. Koma taganizani: nanga mitengo yalekeranji kumera pamenepo? Msuku, mombo ndi mtondo imatsika kucokera kumtunda, ndipo ikafika m'mphepete mwa dambo imaima ngati yaikiridwa malire. Mizu yace siikhoza kukhala m'madzi miyezi itatu kapena inai. Tsono mzere umene mitengoyo yalekezera ndiwo ukusonyezani pamene madzi amafika. Mukaona bango, mlulu, kanjedza kapena mauna a nkhanu, musafunsenso.

Nthawi yoyenera kuona malo ndiyo mwezi wa Febuluwale, mvula itakhazikika. Pitani ndi khasu, mukumbe dzenje lolekeza m'ciuno pamalo peni-peni pamene mufuna kuika nyumba. Yang'anitsitsani dothi limene lituruka. Likakhala lofiira kapena lakatondo kufikira pansi, ndiye kuti mpweya umalowamo ndipo madzi sakhalitsa. Koma likakhala lotuwa ngati phulusa, lokhala ndi mawanga onga dzimbiri, madzi amagona pamenepo caka ndi caka. Cizindikiro cimeneci cimaoneka ngakhale m'cilimwe. Siyani dzenjelo usiku umodzi, mudzaonenso m'mawa ngati muli madzi. Pambuyo pace funsani anthu, koma osati wogulitsa yekha. Funsani amai acikulire amene atunga madzi kumeneko, ndi anyamata oweta ng'ombe. Iwowa adziwa pamene madzi anafika caka ca mvula yambiri, ndipo alibe canthu coti apindule pokunamizani.

Tsopano za nyumba. Pakati pa madambo ambiri pali dothi lakuda lija la makande. Dothi limeneli likamwa madzi limatupa, likauma limafwamphuka ndi kung'ambika ming'alu yoti dzanja nkulowa. Nyumba yomangidwa pamenepo imanyamulidwa m'dzinja ndi kutsitsidwa m'cilimwe, ndipo siinyamulidwa mofanana mbali zonse. Poyamba mudzaona kamng'alu kocokera pa ngondya ya zenera. Caka cinaco citseko cikana kutsekeka. Mudzamata ndi simenti, koma mng'aluwo udzatsegukanso pomwepo, pakuti bvuto liri pansi, siliri pa khoma. Cinyezi naco cimakwera m'njerwa monga mafuta akwerera m'cingwe ca nyali. Pulasitala imasupuka, pa khoma pamaturuka zoyera zonga mcere, ndipo matumba a cimanga oikidwa pansi amacita nkhungu.

Sindinena kuti pa makande sipangamangidwe konse. Amisiri odziwa amamanga. Amacotsa dothi lakudalo kufikira apeze pansi polimba, nathira miyala ndi nsangalabwi, naika zitsulo m'maziko, nayala pepala lakuda la pulasitiki asanathire konkire. Koma muwerengere mtengo wa zonsezi, ndi wa mseu wofika pakhomo panu umene galimoto ingapitemo m'dzinja. Kawiri-kawiri ndarama imene munapulumutsa pogula malo ocipa imathera m'maziko, khoma lisanafike ndi pa zenera pomwe. Ena amangothira dothi kuti malo akwere. Madzi amene anali kupita pamenepo sabwerera kumwamba. Amakhotera kwa mnansi wanu, ndipo mlandu umayamba.

Cinthu cimene ciposa zonse kuopsa ndi cimbudzi. Anthu a zaumoyo amalangiza kuti cimbudzi cikhale mamita 30 kapena kuposa kucokera pa citsime, ndi kuti pansi pa dzenje lace pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a m'nthaka. M'dambo, mwezi wa Febuluwale, madziwo ali pafupi ndi mapazi anu. Dzenje limadzaza, nthawi zina limagumuka, ndipo zonyansa zimayenda pansi pa nthaka kufikira m'zitsime zimene mudzi wonse umamwa. Amene munakhalako ku Lusaka mudziwa za Kanyama, kumene nyumba zinamangidwa pa malo athyathyathya a thanthwe, madzi ali pafupi, zimbudzi ndi zitsime zosazama ziri moyandikana. Kumeneko madzi amasefukira kawiri-kawiri, ndipo kolera yabvutako kangapo. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2023 unakula kotero kuti mu Januwale 2024 bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo sukulu zinacedwa kutsegulidwa m'dziko lonse. Kathauni ka kumudzi kakayamba kumanga m'dambo mwace, kali kutsata njira yomweyo, kungoti pang'ono-pang'ono. Za udzudzu ndi malungo, za nkhono zobweretsa likodzo, ndi za cisanu cimene cimatsikira kumunsi mwezi wa Juni ndi Julai, sindicita kukuuzani.

Tibwere ku malamulo. Monga mwa lamulo la malo la caka ca 1995, malo onse a m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti, amene awasunga m'malo mwa anthu onse. Pali malo a Boma, amene munthu apatsidwa kwa zaka zosapitirira 99, ndipo pali malo a mwambo amene ayang'aniridwa ndi mafumu. Kalata ya nyakwawa kapena ya mfumu iri ndi nchito yace pamudzi, koma siiri cikalata ca Boma cija anthu amati taitolo. Wofuna taitolo pa malo a mwambo ayenera kupeza cilolezo ca mfumu, ndi ca Khonsolo, ndipo mapepala apite kwa Komishonala wa Malo. Lamulo lomwelo linena kuti malo otere asaperekedwe popanda kufunsa anthu ena amene nkhaniyo iwakhudza. Apa ndipo pali mfundo. Pa mwambo wathu dambo liri ndi eni ace ambiri. Wina adyetsako ng'ombe, wina ali ndi dimba limene anasiyiridwa ndi ambuye ace, amai atungako madzi, amweta udzu wofolera, akumba dongo la mbiya. Munthu mmodzi akakulandirani ndarama mseri nakuuzani kuti dambo lonse ndi lanu, mwagula mkangano ndi mudzi wathunthu. Tsiku limene mudzamanga waya, mudzawadziwa eni acewo.

Ndiponso taitolo siikupatsani madzi. Lamulo la madzi la 2011 linaika madzi onse m'manja mwa Pulezidenti, ndipo bungwe la WARMA ndilo liyang'anira. Madzi akumwa, ophikira ndi a nchito zazing'ono za pakhomo mutunga mwaufulu. Koma kutseka mtsinje, kumanga damu kapena kupopa madzi ambiri a malonda kufuna cilolezo, ndipo kuyambira 2018 mijigo nayo iyenera kulembetsedwa. Lamulo lina la 2011, losamala za cilengedwe, liletsa kuumitsa kapena kukwirira malo a madzi popanda cilolezo colembedwa ca bungwe la ZEMA. Anthu ena aganiza kuti malamulo awa anaikidwira malo akuru-akuru okha, monga Kafue Flats, Bangweulu, Lukanga ndi cigwa ca Luangwa, amene ali m'gulu la malo asanu ndi atatu a m'Zambia olembedwa pansi pa pangano la maiko la Ramsar. Ine ndinena kuti ndi bwino kufunsa musanakumbe, pakuti mitsinje ngati Lutembwe, Msandile ndi Lupande siiyamba ndi madzi ambiri. Imasonkhanitsa madzi a timadambo ting'ono-ting'ono tonga kamene kali kuseri kwa mudzi wanu.

Kodi tsono munthu akane munda uli wonse umene uli ndi dambo? Iai ndithu. Munda wokhala ndi mtunda ndi dambo pamodzi uposa munda wa mtunda wokha-wokha. Mvula imene igwa kumtunda imalowa pansi, niyenda pang'ono-pang'ono, niturukira m'mphepete mwa dambo miyezi yambiri mvula italeka. Ndico cifukwa cace dimba limabala mwezi wa Ogasiti. Kumbukirani cilala ca 2024, cimene pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga ca kumtunda cinauma cisanabereke m'madera ambiri. Banja limene linali ndi dimba linali ndi potsamira: ndiwo, mbatata, cimanga caciwisi ndi kandarama ka tomato. Ng'ombe nazo zinapeza msipu kumunsi komweko. Dambo limene lagawidwa mapuloti ndi kuthiridwa konkire silingacitenso zimenezi, ndipo silibwezeka.

Cotero ngati mwapeza malo otere mwa njira yoyenera, ikani nyumba, nkhokwe, khola ndi cimbudzi kumtunda, pamwamba pa mzere wa mitengo uja, ngakhale kukhale kutali pang'ono ndi madzi. Pakati pa munda wa kumtunda ndi dambo siyani mpata wa udzu wosalima, kuti uzigwira dothi lokokoloka. Dimba likhale m'mphepete, pa mizere yokwezeka, ndipo pakati peni-peni pamene madzi ayenda pakhale udzu wace. Cimene ndikupemphani koposa ndi ici: musakumbe ngalande yoongoka pakati pa dambo pofuna kuliumitsa. Madzi othamanga m'ngalandemo amadya pansi ndi m'mbali, ngalande nisanduka cigwembe, ndipo cigwembe cikazama madzi a m'nthaka amatsika naco. Zitsime za anansi anu zimaphwa, madimba nauma. Maenje a njerwa ndi a mcenga amayambitsa zomwezo, kuonjezapo kusunga udzudzu. Mitengo ya bulugamu, imene imwa madzi ambiri, ibzalidwe kutali ndi kasupe. Ndipo pomanga mpanda siyani njira ya ng'ombe ndi ya amai opita kucitsime monga inaliri kale.

Kwa inu mafumu ndi anyakwawa, mau anga ndi ocepa. Munthu akabwera kudzapempha malo okhudza dambo, itanani msonkhano wa mudzi poyera, ndipo malire ayendedwe ndi mapazi pamaso pa mboni, osati kulozedwa ndi cala muli pakhonde. Zimene mwapangana za citsime, msipu ndi njira zilembedwe m'kalata momwemo.

Ndipo inu ogula, musanapereke ngwee iri yonse, tengani mlangizi wa malimidwe wa m'dera lanu akaone dothi. Malowo akakhala m'tauni kapena pafupi ndi Boma, pitani ku ofesi ya mapulani ku Khonsolo, mufunse ngati pamenepo paloledwa kumanga nyumba, pakuti pulani ya nyumba iyenera kubvomerezedwa kumeneko maziko asanakumbidwe. Wogulitsa akati ali ndi taitolo, lembani nambala ya malowo, mukaifufuze ku Unduna wa Malo kuti muone ngati dzina lolembedwa kumeneko ndi lace.